Khofi wa a Zimba ndi diso la ambuya

Kwitchi, kwitchi, kwitchi. Ndi mmene kaliyala wa njinga yanga ankalirira m'mawa umenewo, kuchokera pakhomo pathu ku Mnkhanya mpaka pa msewu wa tala ku Mfuwe, ndipo phokoso lina panalibe. Ambuya anakhala cham'mbali pa kaliyalapo, dzanja limodzi litagwira lamba wanga. Iwo sanayankhule, inenso sindinayankhule. Kwathu timakhala choncho. Ambuya anandilera kuyambira pamene makolo anga anamwalira ndili mwana, ndipo m'nyumba mwathu mawu timawasunga ngati machesi. Oyandikana nafe amati akafuna kudziwa ngati tilipo, amayang'ana utsi.

Ulendo unali wa maso. Ambuya anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Poyamba ankangosokoneza nkhuku zathu ndi za eni ake, koma mango atayamba kupsa, tsiku lina anamva nthambi zikugwedezeka kuseri kwa nyumba, n'kutenga ndodo kukakalipira ana akuba mango. Inali njovu. Mwamwayi inali njovu yoleredwa bwino. Inamvetsera pang'ono, n'kuchoka.

Ku kiliniki anatiuza kuti madokotala a maso adzabwera tsiku limodzi lokha pa chipatala china pafupi ndi boma la Mambwe, kudzachotsa ng'ala, madzulo n'kubwerera kwawo. Anatichenjezanso kuti bipi ya ambuya inali m'malire. Ikadzapezeka yokwera tsikulo, diso sadzaligwira, ndipo tidzadikira chaka china. Kwathu chaka china si mawu opepuka. Mvula ikagwa msewu umasanduka phala, ndipo njovu yotsatira mwina sidzakhala yaulemu. Choncho mwezi wathunthu ndinkawamwetsa mapiritsi ndi kuwamana mchere. Ankadya osadandaula, kungoti akamaliza ankausa moyo mokweza kuti ndimve.

Tinanyamuka kutayera bwino, chifukwa kwathu kulawira mumdima ndi kulimbana ndi njovu, eni msewu. Ndowe zawo zinali zidakali zofunda pa mphambano ya kudimba. Pa kamtsinje kouma mchenga unatitsitsa, ndinakankha njinga ndi dzanja limodzi, lina likutsogolera ambuya. Tinafika ku Mfuwe cha m'ma seveni, dzuwa litayamba kale kuluma pakhosi. Njinga ndinaisiya kwa mnzanga wowotcherera zitsulo. Pamsika ndinagula zitumbuwa ziwiri, ambuya anakana chawo. Za ine amakana mosavuta, poti ndine wapakhomo.

Minibasi ya ku Chipata inali itaima pamthunzi, kondakitala akuiguguda m'mbali ngati ng'oma.

"Mambwe ni sikisite kwacha, mudala," anatero kwa ine. "Ambuya akhale kuno kuseri kwa dalaivala. Inu fendani kumbuyo, muli na mafupa abwino."

Ndinapezeka pa mpando womaliza, pakati pa thumba la mpunga ndi mphunzitsi wina wonenepa amene anali kupita ku ofesi ya maphunziro. Kuchokera pamenepo ndinkaona duku ya ambuya, ndi munthu amene anakhala nawo pafupi: bambo wachikulire wa malaya oyera osita bwino, mabatani omangidwa mpaka pakhosi. Anadzitchula kuti ndi a Zimba, operekera zakudya pa loji ina ya alendo odzaona nyama, ndipo anali kupita kwawo kumtunda kukapuma. Pamiyendo pawo anafungatira fulasiki yaikulu ngati khanda.

Tikudikira kuti galimoto idzaze, a Zimba anatsegula fulasikiyo. Fungo linadzaza minibasi yonse, fungo ngati la mtedza wopserera pa chiwaya. Anadzithirira pang'ono m'chivundikiro, kenako anayang'ana nkhalamba imene inali pambali pawo. Anatulutsa kapu yoyera m'chikwama, naipukuta ndi kansalu, n'kuthira.

"Ambuya, timweko. Ni khofi. Azungu sayamba tsiku popanda ameneyu."

Ambuya analandira ndi manja awiri. Atalawa, nkhope yawo inakwinyika ngati masau ouma. Nkhope imeneyo ndimaidziwa, ndi ya mapiritsi. Koma anapendeketsa kapu mpaka kutha, naibweza, nawomba m'manja pang'ono.

Apa ndiyenera kufotokoza zinthu ziwiri, chifukwa tsoka lathu lonse linabadwira pamene zinakumanirana. Ambuya analeredwa kuti chimene munthu wakupatsa ndi dzanja lake umamaliza. Kusiya kanthu m'kapu ndi kumuuza kuti ukumukayikira kuti wathiramo zoipa. A Zimba nawo anaphunzitsidwa ku loji kuti kapu yopanda kanthu pamaso pa mlendo ndi manyazi a woperekera. Atagwira ntchitoyo zaka zambiri, dzanja lawo linkathira lokha, mutu usanafunsidwe.

Kapu inabwera yopanda kanthu, a Zimba anathira. Ambuya analandira ndi manja awiri, anamaliza, anabweza. A Zimba anathiranso. Onse awiri nkhope zili phee, aliyense akuchita ulemu wake.

Ndinayesa kuitana. "Ambuya." Koma mawu anga sanapangidwire minibasi, ndipo dalaivala anali atatsegula wayilesi. Komanso munthu ungauze bwanji bambo wachikulire, podutsa pamitu ya anthu, kuti aleke kuchitira chifundo agogo ako? Kunena zoona sindinkadziwanso kuti khofi amachita chiyani. Ndinkayesa ndi tiyi amene wapsa.

Mphunzitsi uja ananunkhiza m'mwamba. "Ameneyu si wa tumapepala twa m'kantini," anatero. "Ni weniweni. Ine n'namwako kamodzi pa wekishopu. N'nachonga mabuku a kalasi yonse, pomaliza n'nachonganso a kalasi ya mnzanga."

Tinanyamuka cha m'ma eiti, kapu ikupitabe uku ndi uko. Pa mabampu a Zimba ankathira osataya ngakhale dontho, ndipo anthu anayamba kuwayamikira.

Titangodutsa mphambano ya ku bwalo la ndege, ndinamva mawu amene sindinawazindikire msanga. Anali a ambuya.

"Iwe woyendetsa, ndiwe mwana wa yani?"

Dalaivala anatchula dzina la bambo ake.

"Ndimawadziwa. Anali ndi njinga yopanda mabuleki. Ndiye n'chifukwa chake."

Minibasi inaseka. Ine ndinangouma pampando. Ambuya amene pa maliro a mng'ono wawo anangoti "wapita" basi, tsopano anali atatembenuka cham'mbali, akusakaniza Chikunda ndi Chinyanja, akuitana anthu potengera mawu awo.

"Amene watsokomola kumbuyoko, si mdzukulu wa a Njobvu? Chifuwa chimenecho n'cha pamtundu. Iwe wolandira ndalama, bwera ndikugwire mkono. Ha, bango lenileni. Uli ndi mkazi?"

"Nikali kufuna, ambuya."

"Ufune wodziwa kuphika. Wokongola adzakuika m'manda ndi nkhope yake yomweyo."

Kenako anayamba kuwongolera dalaivala. Munthu wosaona, koma msewuwo anauyenda ndi mapazi kalekale usanakhale wa tala. "Chepetsa, kutsogoloku kuli kamlatho." Kamlatho kanalipodi. Dalaivala anazimitsa wayilesi, poona kuti wapeza ina yabwino.

Ndinkapemphera kuti andiiwale. Sanandiiwale.

"Ndili ndi mdzukulu wanga m'galimoto muno, Yotamu. Ali kumbuyo. Simungamumve, sayankhula. Pali mtsikana wogulitsa mpunga pamsika, mnyamatayu wakhala akumufuna kuyambira chaka chatha. Mukudziwa zimene wamuuza mpaka lero? 'Mwaswera bwanji.' Mpunga wadzaza m'nyumba, tilibe pouika."

Mitu yonse inatembenuka. Mphunzitsi anandisuzumira ngati mwana amene walephera mayeso osavuta. Mayi wina wa mwana kumsana anati, "Ni uja wamfupi wa pafupi na butchala? Nizamuuza ine, osavutika." Ndinayang'ana thumba la mpunga, nalonso linkaoneka ngati likundiseka.

"Amake sanali choncho," anapitiriza ambuya. "Amake anali wolongolola. Ankayankhula ndi mbuzi, ndi mtondo, ndi mvula. Atapita, m'nyumba munangoti zii, ndipo ine sindinadziwe poyambira."

Zimenezo sindinazimvepo chibadwire. Ndinafuna kuti apitirize, koma anali atalumphira kale pa mtengo wa thonje ndi ulesi wa achinyamata a kwaya.

Pakati pa tchire la mitsanya anagogoda mpando wa dalaivala. "Imika."

"Pano palibe mudzi, ambuya."

"Sindikufuna mudzi. Ndikufuna chitsamba."

Mayi wa mwana uja anawaperekeza. Tisanapite patali anagogodanso. Ulendo wachiwiriwu theka la minibasi linatsika nawo, aliyense akunamizira ambuya.

Tikuyandikira Mambwe, a Zimba anagwedeza fulasiki pafupi ndi khutu lawo. Munalibe kanthu. Iwo anali atangomwa kachivundikiro koyamba kaja.

"Ambuya," anatero monyadira, "zaka zonse niseŵenza ku loji, sin'naonepo mlendo wokonda khofi monga imwe."

"Mwana wanga, chinthu chako n'chowawa ngati ndulu. Ndimangoti utopa."

"Nanga bwanji simunakambe?"

"Nanga iwe bwanji sunaleke?"

A Zimba anabweza fulasiki m'chikwama. Titatsika anatulutsa mutu pawindo, nkhope ili ndi nkhawa. "Mupita kuti na ambuya?" Nditawauza za maso ndi za bipi, anagwira pachipumi. Anafuna kunena kanthu, koma kondakitala anaguguda chitseko, minibasi n'kuwatenga.

Masiku onse ndine ndimatsogolera ambuya. Kuchokera pa siteji mpaka kuchipatala, iwo ndi amene ankandikoka, osadziwa n'komwe njira.

"Yotamu, mtima ukusinja," anatero. "Koma ndikumva ngati ndingalime dimba lonse lero."

Pachipatala tinapeza nkhalamba zambiri zitakhala pa mabenchi, aliyense ndi womutsogolera wake. Amene ankapima bipi anali nesi wamtali wochokera kumpoto, Chinyanja chake chosakanikirana ndi Chibemba. Onse ankamutchula kuti a Sisita, ndipo iye mayi aliyense wachikulire ankamuitana kuti mayo, monga mwa kwawo. Anamanga lamba pamkono wa ambuya, makina anafufuma, iye n'kuyang'ana manambala. Anamasula, namanga mkono winawo. Anayang'ananso nthawi yaitali.

"Mayo, mwabwera mothamanga?"

"Pa galimoto. Woyendetsa ndi mwana wa uja wa njinga yopanda mabuleki. Iwe ndiwe wa kuti? Mawu ako si akuno. Unakwatiwa?"

A Sisita anatembenukira kwa ine. "Mapiritsi amwa?"

"Amwa."

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Khofi."

"Makapu angati?"

Ndinaonetsa ndi manja kutalika kwa fulasiki. A Sisita anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako kuseka kunatha. Anandifotokozera kuti mu khofi muli kanthu kotchedwa kafini, kamene kamathamangitsa mtima, kuchotsa tulo ndi kukweza bipi kwa kanthawi, makamaka kwa munthu amene thupi lake silinamuzolowere. Kamatha kokha, koma sikathamangitsidwa.

"Na bipi iyi dokotala sangagwire diso," anatero. "Ayamba kulongedza fifitini awazi, fili koloko masana. Nizapimanso ikalibe kukwana nthawi ija. Ngati siinatsike, palibe chamene ningachite. Apelekeni pamthunzi, amwe madzi, akhale chete. Chete, mwamvera? Akamakamba so, mtima siupuma."

Mwezi wathunthu wa ndiwo zopanda mchere unali utamira mu fulasiki imodzi.

Tinakakhala pansi pa mtengo wa msikizi kuseri kwa chipatala. Ndinayala chitenje, ndinatunga madzi pa mpopi. Ambuya anagona chagada momvera, koma mapazi ankavina okha, ndipo pakamwa sipanatsekeke. Anandiuza za chaka cha dzombe, za mbuzi imene inadyedwa ndi fisi ine ndisanabadwe, za mlamu wawo amene ankaba fodya. Ndikati, "Ambuya, akuti mukhale chete," ankati, "Ndakhala chete," n'kufotokoza mmene akhalira chete.

Dzuwa linafika pamutu. Nkhalamba zinayamba kutuluka m'chipinda chija, aliyense diso limodzi litamatidwa ndi bandeji yoyera. Mzere unkafupika.

Kenako kunabwera mayi wogulitsa nthochi, nayamba kudandaula za anyani amene anamuthera munda. Ndinaona kuti nthawi yonse imene mayiyo ankayankhula, ambuya anali duu, manja pachifuwa. Atangochoka, anayambiranso. Ndinazindikira kuti ulemu womwe uja unawamwetsa fulasiki yonse sukanawalola kudula munthu mawu. Kuti ambuya akhale chete, pankafunika wina woyankhula. Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe wina koma ine.

Nkhani ndilibe. Chimene ndili nacho ndi maso. Ndiye ndinayamba kuwauza zimene ndinkaona.

"Patsogolo pathu pali bambo wavala jekete la suti ndi kabudula wa mpira. Akutsogolera amayi ake, koma maso ali pa foni, moti awalowetsa mu maluwa. Uko kuli mbuzi yakwera pa khonde, ikudya chikwangwani choletsa mbuzi."

Ambuya anatsegula pakamwa, koma ndinapitiriza msanga.

"Mlonda wa pageti ali ndi nsapato imodzi yakuda, ina yofiirira. Akabwera munthu wa galimoto amabisa yofiirirayo kuseri kwa inzake. Pali agogo ena atuluka ndi bandeji, akuuza aliyense kuti akuona kale, koma akulankhula ndi thanki ya madzi."

Ndinafotokoza anthu, njinga, agalu, mitambo. Ndinafotokoza mtsikana amene ankadutsa kawirikawiri pafupi ndi dalaivala wa madokotala, ulendo uliwonse atanyamula chidebe chomwecho chopanda madzi. Kukhosi kunauma, lilime linalemera ngati lachilendo. Ndikapuma kuti ndimwe madzi, ambuya ankayamba, "Chaka chija cha dzombe," ine n'kulowererapo ndi galu wina. Tinkangodukiza popita kuchimbudzi, ndipo ngakhale m'njira ndinkafotokoza njirayo.

Patapita nthawi mapazi analeka kuvina.

"Zonsezi umaziona masiku onse?" anafunsa, mawu atatsika.

"Ee."

"N'kumangokhala nazo?"

"Simunafunse."

"Hm," anatero. Ameneyo anali ambuya amene ndimawadziwa.

Za pabwalo zitatha, ndinayamba za kunyumba, zimene sanazione zaka zingapo. Ndinawauza kuti chitseko ndinachipaka utoto wobiriwira wotsala ku tchalitchi. Kuti mtengo wa mandimu umene anabzala wapitirira denga. Kuti ndili ndi ndevu.

"Ndevu?" Anatambasula dzanja, nandigwira kuchibwano. "Ndiye mtsikana wa mpunga akuthawa zimenezi."

Anafuna kuseka, ndinawaletsa. Ndinayamba nkhani ya nkhuku yathu ya mawanga, imene imaikira mazira m'chisa cha nkhuku ya oyandikana nafe, n'kumabwera kudzadya kwathu. Ndili pakati pa nkhaniyo ndinaona kuti kupuma kwawo kwatalika. Anali atagona tulo, pakamwa pali pululu. Ndinaopa kuleka, ndinapitirizabe motsitsa mawu, ndikuuza msikizi.

Mithunzi inayamba kupendekera kum'mawa. Pa mabenchi panatsala munthu mmodzi. Anyamata awiri anayamba kutulutsa makatoni m'chipinda n'kumaika m'galimoto ya madokotala. Ndinaima kuti ndidzutse ambuya, koma ndinaona a Sisita akubwera okha kumtengo, makina ali m'manja. Anandikodola kuti ndisawadzidzimutse. Anagwada, namanga lamba pang'onopang'ono. Ambuya anatsegula maso.

"Ndani?"

"Pitilizani kukamba," a Sisita anandinong'oneza.

Mutu wanga unali utauma. "Ndi a Sisita," ndinatero. "Agwada pa chitenje chanu. Ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndi bolopeni m'tsitsi imene akhala akuifuna kuyambira m'mawa."

A Sisita anagwira m'tsitsi, napeza bolopeniyo, nandiyang'ana mwa ukali pang'ono. Makina anafufuma, n'kuphwa. Anawerenga manambala. Anadikira, napimanso.

"Imani, mayo. Tiyeni dokotala akaone yekha."

"Yatsika?" ndinafunsa.

"Yatsikako. Koma wonena ni dokotala."

Anawagwira mkono, nalowa nawo. Chitseko chinatsekedwa.

Ndinakhala pa benchi yopanda anthu, kukhosi kukuwawa ngati ndameza mchenga. Anyamata aja anapitiriza kunyamula makatoni. Katoni iliyonse ikamadutsa ndinkayesa kuganiza ngati muli zida zimene dokotala akanagwiritsa ntchito pa ambuya. Kwa amene adzayende msewu umenewu ndi nkhalamba yake, langizo langa ndi lalifupi: mukakhala pafupi ndi munthu wa ku loji, siyani kanthu pansi pa kapu, ngakhale mtima ukutsutseni. Ulemu wa anthu awiri ukakumana popanda woyang'anira, umatha fulasiki. China chimene ndinaphunzira sichikhudza khofi. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ambuya amakonda bata, iwonso ankayesa kuti ine ndimakonda bata, ndipo aliyense ankapatsa mnzake mowolowa manja.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka a Sisita okha, atavala chophimba pakamwa. M'manja munali duku ya ambuya ndi nsapato zawo za pulasitiki.

"Sungani izi," anatero, nandiika m'manja. "Agona kale pa tebulo. Ati musayende kutali, nkhani ya nkhuku simunatsilize."

Anatembenuka, nalowanso.